A chiwaya asathamangitsidwe, apatsidwe madzi

Dzuwa likafika paliwombo pa boma la Nsanje, kwa T/A Malemia, ndi ochepa amene amabwerera kunyumba kukadya nkhomaliro. Wakabaza, mayi wa tomato, mwana wa sukulu ngakhalenso wodwazika matenda kuchipatala, onse amathamangira pachiwaya, pakanyenya kapena kwa mayi wa zitumbuwa. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: chakudyachi sichichedwa komanso thumba limakwanitsa.

Ophikawa ndiwo akudyetsa tauni, komatu kwa akuluakulu ena amaoneka ngati chitsotso m'maso. Mu 2006 boma lidasesa mavenda m'misewu ya m'mizinda pa ntchito ija idatchedwa Operation Dongosolo. Kolera itafika povuta mu January 2023, boma lidaletsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu, m'misika ndi m'madepoti.

Mantha a kolera ndi omveka. Mliri womwe udabuka mu March 2022 udatenga miyoyo yoposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Nsanje lidali limodzi mwa maboma oyamba kukhudzidwa, anamondwe Ana ndi Gombe atagwetsa zimbudzi n'kuononga zitsime. Amene adaika m'bale m'manda nthawi imeneyo safuna kumva nkhani zamasewera.

Koma tiyeni tinene mosapsatira. Kachirombo ka kolera kamafa ndi moto. Tchipisi chongovuulidwa m'mafuta owira sichingakupatseni matendawa. Ngozi ili pa kabichi wosaphika yemwe amathiridwa pamwamba, pa beseni limodzi lotsukiramo mbale kuyambira m'mawa mpaka madzulo, pa manja olandira ndalama n'kugwiranso nyama, komanso pa madzi akumwa a m'mapepala omwe sitidziwa kudatungidwa. Mwachidule, vuto lagona pa madzi ndi ukhondo.

Anzathu a ku Vietnam adadutsa m'nkhondo mpaka 1975 ndipo umphawi adaulawa. Lero dziko lawo limatchuka ndi zakudya za m'mbali mwa msewu. Buledi adabwera ndi atsamunda a ku France, koma eni dziko adamuika nyama, masamba ndi tsabola wawo n'kupanga banh mi, yemwe munthu amagula n'kumadya akuyenda. Mu May 2016 Barack Obama, ali mtsogoleri wa America, adakhala pakampando kapulasitiki mu mzinda wa Hanoi n'kudya bun cha ndi Anthony Bourdain. Bourdain adalipira madola 6 okha pa chakudya cha awiriwo.

Nakonso mikangano ya mavenda ilipo. Mu 2017 akuluakulu a mzinda wa Ho Chi Minh adachotsa ogulitsa m'mbali mwa misewu, koma sadalekere pomwepo: ena mwa iwo adawapatulira malo ovomerezeka ndi kuwaphunzitsa za ukhondo. Apa ndi pamene ife timaperewera. Timadziwa kuthamangitsa, osati kukonza.

Khonsolo imatolera ndalama za chiphaso mumsika tsiku ndi tsiku. Ndalamazi zizionekera pa mpopi wotuluka madzi, chimbudzi chosamalika ndi malo otayapo zinyalala. Alangizi a zaumoyo asamangotulukira kukagwa mliri. Azidutsa pachiwaya sabata iliyonse, kugawa kolorini ndi kulangiza. Mbuzi ya kanyenya iziyamba yapimidwa ndi a zachiweto. Wokana kutsatira zimenezi ndiye atsekeredwe, osati onse chifukwa cha nsomba imodzi yowola.

Nawo ophika ali ndi mbali yawo. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mafuta ophikira adakwera mtengo, ndipo ena amakazingira mafuta amodzimodziwo mpaka kuda bii ngati oyilo wa galimoto. Uku n'kudula nthambi yomwe wakhalira, chifukwa kasitomala akadwala m'mimba sabweranso.

Nanga n'chifukwa chiyani nkhomaliro yathu yonse idalire mbatata ya kachewere yochokera kutali ku Ntcheu ndi Dedza, pamene kumadimba kuli mbatata ya kholowa, mu Shire muli milamba, m'makola muli mbuzi, ndipo mapira a thobwa timalima tokha? Mlamba wowotcha ndi mbatata yophika sizilira mafuta ambiri, ndipo ndalama yake imatsala kwa msodzi ndi mlimi wa konkuno.

Inu makolo, mwana mukamupatsa ndalama ya kusukulu muuzeninso kuti agule chotentha, asambe m'manja ndi sopo, ndipo pamene pali ntchentche alambalale. Ogula tikamakana uve, ogulitsa asintha okha.

Ndi kutentha kwa m'chigwa muno, palibe wakabaza angapalase makilomita angapo kukadya nsima kunyumba n'kubwereranso. Adya pamsika basi. Tikathamangitsa ophika, angosamukira kuseri kwa magolosale komwe kulibe owaona, ndipo ndi kumeneko komwe kolera idzatipeze.