WACIKULIRE ALOWE USILIKALI PA KHOMO LOYENERA

Nthawi iriyonse Boma likalengeza kuti lifuna kulemba asilikali atsopano, m'midzi mumabuka funso lakuti: kodi munthu amene zaka zamupitirirako, wa banja ndi ana, angathe kukhala ofisala wa gulu la nkhondo? Yankho n'lakuti angathe, pokhapokha atasankha khomo loyenerana ndi msinkhu wake ndi maphunziro ake.

Pamene Zambia inalandira ufulu mu 1964, akuluakulu a asilikali anali azungu. Munali mu 1970 pamene Kingsley Chinkuli, amene anaphunzira usilikali ku Sandhurst m'dziko la Britain, anakhala Mzambia woyamba kulamulira Zambia Army. Masiku amenewo dziko linali kufuna anyamata oti alowe msanga m'malo mwa atsamunda. Lero gulu la nkhondo lakula, ndipo lifunanso madokotala, manesi, mainjiniya, maloya ndi owerengera ndalama. Apa ndi pamene pagona mwayi wa wacikulire.

Makomo olowera alipo atatu. Loyamba n'la acinyamata amene anapambana bwino Giredi 12, makamaka Cingerezi ndi masamu. A Zambia Army amaphunzira ku Zambia Military Academy ku Kabwe, ndipo a Zambia Air Force ku Livingstone. Malire a zaka pa khomo limeneli ndi otsika, cifukwa ofisala wotere amayambira pa udindo wa Second Lieutenant ndipo afunika zaka zambiri zokwerera. Amene anapitirira malirewo asataye nthawi kugogoda pamenepa.

Khomo laciwiri n'la akatswiri, ndipo malire ake a zaka amakhala okwererapo. Dokotala afunika ku cipatala ca asilikali ca Maina Soko ku Lusaka. Wodziwa za malimidwe kapena za makina afunika ku Zambia National Service, imene inakhazikitsidwa mu 1971 ndipo imalima minda ndi kukonza misewu. Munthu amene anatha zaka zake pa sukulu ndi pa nchito sanacedwe ai. Zaka zomwezo ndizo cuma cimene abwera naco.

Khomo lacitatu n'la msilikali amene ali kale m'gulu. Amene watumikira zaka zambiri ndi mbiri yoyera, nawonjezera maphunziro ake, angathe kusankhidwa kukhala ofisala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma palinso njira ya cidule imene yaliritsa mabanja. Ena amacepetsa zaka pa citupa ca reji, kapena kubwereka satifiketi ya mng'ono wao. Ena amagulitsa ng'ombe ndi matumba a cimanga kuti alipire mambala wonena kuti ali ndi mbale wake ku likulu la asilikali. Anthu adziwe kuti kulembedwa usilikali kulibe malipiro. Mapepala amafufuzidwa, madokotala amapima thupi, ndipo wopezeka ndi citupa conyenga amataya malo nayankha mlandu m'khoti. Ng'ombe zija sizibwerera m'khola.

Wacikulire awerengenso mtengo weniweni wa cisankho cake. Adzathamanga m'bandakuca pamodzi ndi anyamata a msinkhu wa ang'ono ake, ndipo adzamvera lamulo la mphunzitsi wocepa kwa iye popanda kuyankha. Akatsiriza, angathe kutumizidwa kutali. Asilikali a Zambia anakasunga mtendere ku Mozambique mu 1993, ndipo kuyambira mu 2015 anayamba kutumizidwa ku Central African Republic pansi pa United Nations. Cotero nkhaniyi ikambidwe poyera ndi mkazi kapena mwamuna wa pa nyumba, kuti cidziwike ndani adzalima munda ndi kuyang'anira ana a sukulu.

Mafumu, nduna za m'midzi ndi makhansala ali ndi udindo wowerengera anthu cilengezo ca Boma monga cinalembedwera, ndi kupereka kwa apolisi aliyense wopempha ndalama m'dzina la asilikali. Amene zaka zamutsekera makomo onse atatu asacite manyazi, pakuti mlimi wodzaza nkhokwe nayenso atumikira dziko.

Udindo wa ofisala umaperekedwa m'dzina la Pulezidenti, amene ali mkulu wa magulu onse a nkhondo, ndipo pamodzi nao pamabwera miyoyo ya ana a eni. Munthu amene analowa ndi bodza sayenera kusungitsidwa miyoyo imeneyo.