Musasiye Tamoxifen Panjira, Koma Yezetsani Magazi

Lero tikambe za amayi odwala khansa ya m'mawere amene akumwa tamoxifen tsiku ndi tsiku. Ena amaopa kuti mankhwala a zaka zambiri amawononga magazi. Maganizo anga ndi akuti: musasiye, koma dziwani zimene akuchita m'thupi mwanu.

Khansa zambiri za m'mawere zimakula ndi homoni ya chikazi yotchedwa estrogen. Tamoxifen amaitsekera njira. Amamwedwa zaka 5, ena mpaka 10. Kafukufuku wamkulu wa mu 2011 anasonyeza kuti zaka 5 zimachepetsa imfa za khansa yamtunduwu ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Nanga magazi? Tamoxifen amatsitsa kolesitolo, mafuta oipa otseka mitsempha ya mtima. Amatsitsanso CRP, chizindikiro cha kutupa kobisika m'thupi. Koma kwa amayi ena amakweza mafuta ena otchedwa triglycerides, ndiponso angachititse magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo.

Amayi amene anasiya kusamba nthawi zina amapatsidwa anastrozole kapena letrozole. Awa satsitsa kolesitolo, ndipo kwa ena imakwera. Amapwetekanso m'malo olumikizirana mafupa ndi kufooketsa mafupawo.

Choncho mukapita ku Hospital Provincial de Tete kapena kulikonse kumene mumalandira mankhwala, funsani adokotala za kuyeza mafuta a m'magazi, makamaka ngati muli ndi shuga kapena BP. Kufunsa si mwano. Ngati mumalandira chithandizo mbali zonse ziwiri za malire, yendani ndi mapepala anu onse.

Paulendo wautali wa pa chapa, muzigwedeza mapazi, ndipo galimoto ikaima tsikani muyendeko. Mwendo umodzi ukatupa ndi kupweteka, mukabanika mwadzidzidzi, kapena mukataya magazi kumaliseche mosayembekezeka, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Chepetsani zokazinga, idyani ndiwo zamasamba ndi nyemba, ndipo pewani fodya ndi kachasu.

Inu abambo, ndalama ya chapa isakhale chifukwa chakuti mayi a kunyumba adumphe mwezi osamwa mankhwala. Ikani padera ndalamayo mukangogulitsa mbatatesi kapena chimanga. Amayi, amene angakusinthireni mankhwala ndi adokotala okha basi.