ZA KUMWAMBA: Mwala Wokumba Cidzenje Upita Kuti?

Amene anayang'anapo mwezi ndi magalasi oonera kutali adziwa kuti nkhope yake siili yosalala monga momwe ionekera ndi maso. Ili ndi maenje ozungulira osawerengeka onga a nsolo, ndipo ena mwa iwo ndi aakulu kwakuti boma lathunthu lingathe kulowamo. Akatswiri a za kumwamba agwirizana kuti maenje amenewa anakumbidwa ndi miyala ndi zitsulo zoyendayenda mumlengalenga zimene zinagunda mweziwo. Tsono mwana wa sukulu angafunse kuti: pa nsolo mwala ukhala m'dzenje momwemo, nanga miyala imene inakumba maenje awa ili kuti? Funsoli lioneka lacibwana, koma munthu wina ku America anataya zaka 26 ndi pafupifupi cuma cake conse cifukwa cosaliyankha bwino.

Munthuyo anali Daniel Barringer, katswiri wa nchito za migodi. M'cipululu ca Arizona muli cidzenje cotambalala mamita 1,200 ndi cakuya mamita 170, cimene cinakumbidwa zaka pafupifupi 50,000 zapitazo. M'mbali mwake anthu anali kutola zidutswa za citsulo cosakanizika ndi nickel. Barringer anaganiza monga momwe mlimi aliyense akanaganizira: ngati zidutswa zili panja, cimwala ceniceni cili pansi pa dzenje. Anawerengera kuti pansipo pagona citsulo ca matani mamiliyoni 10, ndipo m'caka ca 1903 anatenga cilolezo cokumba.

Cenjezo linalipo kale. Mu 1891 katswiri wa miyala wa boma la America, Grove Karl Gilbert, anayendayenda m'dzenjemo ndi kampasi, podziwa kuti citsulo cacikulu cotero cikanapotoza singano yake. Singano siinapotoke. Gilbert analakwa ponena kuti dzenjelo linaphulika ndi nthunzi yocokera pansi, koma sanalakwe ponena kuti mulibe cimcitsulo.

Barringer anaboola maenje ambiri pakati pa cidzenjeco osapeza kanthu. Pambuyo pake anaombera zipolopolo m'matope naona kuti ngakhale cipolopolo cibwere copendekeka, dzenje likhalabe lozungulira. Motero anasamukira kumbali ya kumwera, kumene mu 1922 citsulo coboolera cinafika mamita 419 nicikanirira pomwepo. Mgodi wina umene anayamba kukumba unadzala madzi. Mu 1929 anzake oikamo ndalama anapempha katswiri wa masamu ndi nyenyezi, Forest Ray Moulton, kuti awerengere bwino. Yankho lake linali lowawa: cimwalaco cinali cacing'ono kwambiri koposa momwe Barringer anaganizira, ndiponso cinaonongeka pa nthawi imene cinagunda. Nchito inaima, ndipo pa 30 November caka comweco Barringer anamwalira ndi nthenda ya mtima, atamwaza ndalama zoposa madola 600,000.

Kodi citsulo cotambalala mamita 50 cingazimirire bwanji? Cinsinsi cagona pa liwiro. Cimwala ca ku Arizona cinafika pansi cikuthamanga makilomita 12 kapena kuposapo pa sekondi imodzi. Pa liwiro limeneli ulendo wocokera ku Chipata kufika ku Lusaka, wa makilomita pafupifupi 570, utha mphindi imodzi isanakwane. Cinthu cothamanga cotero cikaimitsidwa mwadzidzidzi, mphamvu yake yonse iyenera kupita kwina, ndipo yambiri isanduka kutentha.

Wosula makasu adziwa kuti citsulo cozizira cikamenyedwa kolimba ndi nyundo cifunda. Pano nyundo ndi dziko lenilenilo. Kutsogolo kwa cimwala kwaima kale pamene kumbuyo kukali kubwera, motero cimwalaco cidzipsinja cokha. Kugwedeza kwamphamvu kulowa m'nthaka, ndipo kwina kubwerera m'cimwala momwemo. Sekondi isanathe, mbali ina yasungunuka ngati mafuta pamoto, ina yasanduka nthunzi monga dontho la madzi pa ciwaya cotentha, ndipo yotsala yaphwanyika nimwazikira kutali. Cimene cikumba dzenje si kulowa kwa mwala ayi, koma kuphulika kumene kutsatira. Ndico cifukwa cake dzenje likula nthawi pafupifupi 20 koposa mwala umene unalicititsa, ndiponso likhala lozungulira.

Komabe citsuloco sicinathe psiti. M'zaka za m'ma 1940 Harvey Nininger anasefa dothi lozungulira cidzenjeco ndi maginito napeza timibulu tacitsulo tosawerengeka, tating'ono ngati mcenga. Timeneti ndi madontho a citsulo cosungunuka amene anagwa ngati mvula atazizira mumlengalenga. Zidutswa zazikulupo zimene anthu anatola zikwana matani pafupifupi 30 okha, ndipo cacikulu mwa zonse cilemera makilogalamu 639. Cuma cimene Barringer anali kufuna pansi anali kuciponda tsiku ndi tsiku popita ku nchito. Pa cinthu cimodzi iye analondola: mu 1960 Eugene Shoemaker ndi Edward Chao anapeza m'dzenjemo mwala wa mtundu wa coesite, umene upangika ndi kupsinja koopsa, natsimikiza kuti dzenjelo linakumbidwadi ndi cinthu cocokera kumwamba.

Mwala ukakulirakulira, zotsala zake zicepanso. Zaka mamiliyoni 66 zapitazo cimwala ca makilomita 10 cinagwa ku Mexico nicisiya cidzenje ca Chicxulub, cotambalala makilomita pafupifupi 180. Cimwalaco cinasanduka nthunzi ndi pfumbi zimene zinaphimba dziko lonse. Mu 1980 Luis Alvarez ndi mwana wake Walter, pamodzi ndi anzao, analengeza kuti anapeza cizindikiro cake m'kamzere kopyapyala ka dongo kokhala ndi iridium, citsulo cosowa pa dziko lino koma copezeka kwambiri m'miyala ya kumwamba. Nthawi zina mwai ucitika. Ku Morokweng, ku South Africa, kuli cidzenje ca zaka mamiliyoni 145 cokwiririka ndi mcenga wa Kalahari. Mu 2006 akatswiri analengeza kuti poboola pansi mamita pafupifupi 770 anatulutsa cidutswa ca masentimita 25 ca cimwala ceniceni cimene cinakumba dzenjelo. Zotere zicitika kamodzikamodzi.

Nanga bwanji miyala ina ya kumwamba ipezeka yathunthu? Yankho ndi mpweya umene wakuta dziko lino ngati bulangete. Kamwala konga njere ya mapira kapsereratu m'mwamba, pa mtunda wa makilomita 80 kapena 100, ndipo kuwala kwake ndiko kumene anthu a m'midzi anena kuti nyenyezi yathothoka. Palibe nyenyezi imene yagwa pamenepo. Mwala wokulirapo upsa kunja kokha, mpweya uucepetsa liwiro, ndipo ufika pansi monga mwala woponyedwa kucokera pa phiri. Cimwala cacikulu kwambiri ndico cimene mpweya ulephera kucigwira, ndipo cifika ndi liwiro lake lonse kudzadziononga cokha.

Zitsanzo zili pafupi. Ku Namibia, pafupi ndi Grootfontein, mlimi wina anapeza mu 1920 citsulo cochedwa Hoba, colemera matani pafupifupi 60. Ndico cacikulu koposa zonse zodziwika pa dziko lapansi, koma palibe cidzenje pamene cagona. Ku Mbozi m'dziko la Tanzania, osati kutali ndi malire a Nakonde, kuli cina ca matani pafupifupi 16 cimene eni dziko acicha Kimondo. Muno m'Zambia miyala inagwa ku Monze mu October 1950, ndipo ku Malawi mwala wa makilogalamu oposa 90 unagwa ku Machinga mu 1981.

Ku mwezi kulibe mpweya wotere, motero ngakhale kamwala kakang'ono kagunda ndi liwiro lake lonse nikasungunuka. Dothi limene anthu a Apollo anabwera nalo linaonetsa kuti gawo limodzi kapena awiri pa 100 ndi zotsala za miyala yogunda, zosakanizika monga mcere m'ndiwo. Kacidutswa kathunthu koyamba kanapezeka m'dothi la Apollo 12 la mu 1969, ndipo kanali ka mamilimita owerengeka cabe. Ku Mars, kumene kuli mpweya wocepa, makina oyenda okha ochedwa Opportunity anapeza mu January 2005 citsulo cathunthu cili gone pamtunda.

Zonsezi zili ndi phunziro kwa anthu a kumudzi. Mwala ukagwa kucokera kumwamba ndi kuwala ndi phokoso longa bingu, si ufiti, ndipo palibe nkhalamba imene iyenera kulozedwa cala. Mwala wotere udziwika ndi khungu lakuda longa lowauka, ulemera koposa miyala ina ya msinkhu wake, ndipo kawirikawiri ukoka maginito. Woupeza asauphwanye pofuna golide m'kati, pakuti mulibe. Auze amfumu, ndipo mbiri ifike ku dipatimenti ya boma yofufuza za miyala ku Lusaka, cifukwa miyala yambiri yotere ili ndi zaka zoposa mamiliyoni 4,500 ndipo iphunzitsa za ciyambi ca dziko.

Ndipo wina akabwera ndi nkhani yakuti pansi pa cidzenje cakuti pagona cuma cocokera kumwamba, napempha ng'ombe kapena ndalama za cimanga kuti akumbe, mwini khola akumbukire Barringer, amene anayamba ndi kukumba namalizira ndi kufunsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.