ZA PAGALAJA: Injini Yozima Polowetsa Giya

Mwa makalata amene talandira, tasankhapo ya bambo wina wa ku Salima, pakuti vuto lake limasautsa ambiri amene akusunga magalimoto akale.

Bamboyu akuti galimoto yawo ndi Ford Cortina ya 1975, yosintha yokha magiya, imene malemu atate awo anagula pamene anali pa ntchito ku Johannesburg. Chaka chatha mphwawo wokhala komweko anaikonzetsa, nachotsamo camshaft yakale kuikamo ya liwiro, ndiponso anaikapo kabuleta wamkulu. Tsopano galimotoyo yafika kwawo. Ikakhala chiimire imalira bwino, koma akangoponda buleki ndi kukokera ndodo ya giya pa D kapena pa R, injini imanjenjemera nkuzima. Makaniko wina wawauza kuti giyabokosi yafa, ndipo ali pafupi kugulitsa ng'ombe ziwiri kuti agule ina. Akufunsa ngati achite zimenezo.

Bambo, ng'ombezo zibakhalani m'khola. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Galimoto yanu ndi yolimba: Ford anapanga Cortina kuyambira 1962 kufikira 1982 ku England, ndipo ku South Africa ankazilumikiza ku Port Elizabeth, mzinda umene kuyambira 2021 ukutchedwa Gqeberha. Giyabokosi za magalimoto amenewa zikatha, kawirikawiri zimaterereka kapena kukana kukoka; si kawirikawiri kuti zizimitse injini.

Tiyambe tamvetsa chimene chimachitika. Pakati pa injini ndi giyabokosi yosintha yokha palibe kilatchi yoponda ndi phazi. Pali chiwiya chonga mphika wotsekedwa, chodzaza ndi oyilo, chimene amakaniko amachitcha torque converter. Ndodo ikakhala pa P kapena pa N, injini imazungulira yopanda katundu. Mukailowetsa pa D phazi lili pa buleki, injini imayamba kuvundula oyilo amene mbali inayo akukana kuyenda, ndipo liwiro lake limatsikako pang'ono. Injini yamoyo imausenza katundu ameneyu osadandaula. Injini yofooka imagwa. Munthu amene wagona ndi njala amatha kuima bwinobwino, koma mukamtwika thumba la chimanga amagwada. Tsono mlandu suli pa thumba ayi. Chotero tiyenera kufunsa chimene chafooketsa injiniyo, ndipo poti vutoli layamba atasintha zipangizo, tiyambire pa zimene anasinthazo.

Musanayese china chilichonse, imikani galimoto pabwalo, osati m'nyumba yotseka, chifukwa utsi wake umapha mwakachetechete. Kokani buleki ya pamanja, ikani miyala ikuluikulu ku matayala, ndipo pasaime munthu kutsogolo kapena kumbuyo. Ana akhale kutali.

Choyamba, yesani buleki payokha. Injini itatentha, ndodo ili pa N, pondani buleki mwamphamvu osakhudza giya. Ambiri amaiwala kuti polowetsa giya phazi limakhala pa buleki, motero amanamizira giya mlandu wa buleki. Kuseri kwa chopondera kuli chitini chakuda chozungulira chimene chimathandiza phazi, ndipo mphamvu yake chimaitenga ku injini kudzera m'paipi ya labala. Labala wa m'kati mwake akang'ambika ndi ukalamba, mpweya umalowera pamenepo nthawi iliyonse mukaponda. Ngati injini isintha malilidwe, kapena mumva kupuma ngati kwa njoka pansi pa chiwongolero, wakuba mwampeza.

Chachiwiri, funani malo ena pamene mpweya ukulowa mozemba. Injini imafuna mpweya pafupifupi magawo 15 pa gawo limodzi la petulo poyeza kulemera, ndipo ikamalira pang'onopang'ono imafuna petulo wochulukirapo. Mpweya wolowa osadzera m'kabuleta umasungunula chakudya chimenechi ngati phala lothiridwa madzi. Poika kabuleta wachilendo nthawi zambiri amaika chitsulo cholumikizira pansi pake, ndipo pamenepo ndipo pamadontha. Onani mabawuti ndi gasiketi. Onaninso timabowo ta kabuleta timene tasiyidwa pululu popanda paipi. Tsinani paipi iliyonse ya labala ndi pulayazi, imodziimodzi. Imene mukaitsina injini nikhazikika, ndiyo yoboola. Ngati giyabokosi yanu ndi Ford C3, ilinso ndi paipi yaing'ono yochokera ku injini kupita pansi kwa giyabokosiyo. Izuleni muone: mukapezamo oyilo wofiira, kachipangizo ka kumapeto kwake kaboola, ndipo kameneko ndi ka mtengo wochepa.

Makaniko wokhala ndi geji yoyezera kukoka kwa injini angakuthandizeni msanga. Injini yosasinthidwa imaonetsa mainchi 17 mpaka 21 m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo nambalayi imatsika pafupifupi inchi imodzi pa mamita 300 alionse okwera. Camshaft ya liwiro imaitsitsanso, chifukwa imasiya mavavu olowetsa ndi otulutsa otseguka pamodzi kwa nthawi yotalikirapo. Zimenezi zimapatsa mphamvu injini ikathamanga, koma zimailanda mphamvu ikamayenda pang'onopang'ono. Mphwanu anagula liwiro la pamsewu waukulu, ndipo mtengo wake mukuulipira pa chipata.

Chachitatu ndicho nthawi ya moto. Injini ya camshaft yotere imafuna kuti moto wa mapulagi uyake mofulumirirapo kusiyana ndi mmene buku la galimotoyo linanenera. Moto ukachedwa, woikonza amakakamizika kupotoza sikulu ya liwiro kufikira chitseko cha kabuleta chitatseguka mopitirira, ndipo zikatero masikulu osakanizira petulo samveranso. Uzani makaniko ayeze ndi nyali yoyezera nthawi, osati ndi khutu lokha, ndipo aonjezere pang'onopang'ono, madigiri awiri nthawi imodzi. Mukamva injini ikugogoda ngati misomali m'chitini pokwera chitunda, mwapyola muyeso. Bwererani m'mbuyo, pakuti kugogoda kumeneko kumaboola mapisitoni. Aonenso mapointi, mapulagi ndi mawaya ake. Moto wofooka umayaka popanda katundu, koma umalephera katundu akafika.

Chachinayi, konzani kabuleta molingana ndi kwanu. Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene nyanja yathu ya Malawi ili pa mamita osakwana 500. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, ndipo woikonza kumeneko amachepetsa petulo. Galimoto yomweyo ikatsikira ku Salima imapuma mpweya wolemera pa petulo wochepa yemweyo, motero njala ija imakula. Tsegulani masikulu osakanizira pang'onopang'ono, onse mofanana, kufikira injini italira mosalala. Pomaliza ikani liwiro lake mnzanu atakhala pa mpando, phazi pa buleki, ndodo ili pa D. Injini zambiri za nthawi imeneyo zimakhazikika pa maulendo 700 kapena 800 pa mphindi. Ya camshaft ya liwiro ingafune 900 kapena kupitirirapo pang'ono. Koma musakweze mopyola, chifukwa giya idzalowa ndi chigugu chimene chimaononga giyabokosi yabwinobwino.

Chachisanu, penyani ngati injini ikutembenuka kwambiri giya ikamalowa. Malabala amene injini imakhalapo akaduka, iyo imadumpha nkukoka waya wa koyilo kapena waya wa ethi. Injini yozima mwadzidzidzi osanjenjemera, ngati munthu watembenuza kiyi, kawirikawiri vuto lake ndi la magetsi lotere.

Zonsezi zikapezeka zili bwino, pamenepo mpamene tingaloze chala pansi pa galimoto. Onani oyilo wa giyabokosi: akhale wofiira, wosanunkha chopserera. Funsaninso mphwanu ngati anasinthanso giyabokosi. Za makono zili ndi kilatchi ya m'kati mwa torque converter imene imagwira galimoto ikathamanga, ndipo ikakanirira, galimoto imadumpha nkuzima monga amachitira wophunzira amene wamasula kilatchi mothamanga. Giyabokosi za Cortina za m'ma 1970 zinalibe kilatchi imeneyi. Mwinanso camshaft ndi yaukali kwambiri kotero kuti torque converter yakale siigwirizana nayo. Zikatero musagule giyabokosi: mungasinthe torque converter yokha, kapena kubwezeramo camshaft yakale ngati mphwanu anaisunga. Kwa galimoto yonyamula banja ndi matumba a mpunga, ife tingasankhe kubwezera yakaleyo.

Kwa inu amene galimoto zanu zili ndi kilatchi yoponda, yambani ndi kuona ngati kilatchiyo ikumasula bwino, makamaka ngati giya ikukukuta polowa, ndiponso ngati mabuleki sanagwire matayala.

Bambo, yesani zimenezi motsatana, chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo lembani m'kope chilichonse chimene mwasintha kuti mudziwe pobwerera. Pitani nalo tsamba lino kwa makaniko wanu mukakambirane mwaulemu, ndipo mumfunse akuonetseni umboni wakuti giyabokosi yafadi musanatulutse ndalama. Mukatha mutilemberenso, tidziwe mmene zathera. Mwezi wamawa tidzakambirana za injini yotentha pokwera mapiri. Tsalani bwino nonse.