Tsoka silinunkha, nthawi zina limatsekemera

Abale anga, tiyeni tikambirane za madzi ena amene ambiri a ife sitiwadziwa dzina, chikhalirecho amapezeka m'magalaja mwathu ndi m'migolo imene imatsika m'magalimoto akuluakulu ochokera kumadoko. Dzina lake ndi diethylene glycol. Alibe mtundu, fungo lake silimveka kwenikweni, ndi onanda ngati glycerine uja timadzola nthawi ya chisanu, ndipo ukawalawa amatsekemera. Palibe chimene chimachenjeza diso, mphuno kapena lilime. Makolo athu sananame pamene ankati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mankhwalawa pa okha alibe mlandu. Akakhala pamalo pake amagwira ntchito yabwino. M'mafakitale amasungunulira utoto, inki ndi guluu, amapangira zofewetsera pulasitiki kuti asamathetheke, ndipo amapezekanso m'mafuta ena a mabuleki a galimoto. Zovuta zimayamba akalowa m'thupi la munthu. Chiwindi chimawasandutsa asidi, asidiyo n'kupita kukawononga impso. Kwa mwana wamng'ono, masupuni ochepa chabe ndi okwanira kuzimitsa moyo.

Dziko linaphunzira zimenezi ndi misozi. M'chaka cha 1937, ku America, kampani ya Massengill inafuna kugulitsa mankhwala a sulfanilamide ali amadzi, poti ana amavutika kumeza mapiritsi. Katswiri wake anapeza kuti mankhwalawo amasungunuka bwino mu diethylene glycol. Anathiramo zokometsera, anaona kuti mtundu ndi kakomedwe zili bwino, basi n'kutumiza m'masitolo. Kuyesa ngati madziwo angaphe munthu sanayese. Anthu oposa 100 anamwalira, kuphatikizapo ana ambiri. Chaka chotsatira, mu 1938, dzikolo linakhazikitsa lamulo loti mankhwala aziyamba ayesedwa asanagulitsidwe. Safunsa anadya phula, koma apa amene sanafunse ndi wina, amene anadya phulalo ndi ana a eni.

Munthu akadaganiza kuti maliro amenewo akwanira kuphunzitsa dziko lonse. Ayi ndithu. Mu 1969 ana asanu ndi awiri anafa ku Cape Town. Ku Haiti, mu 1995 ndi 1996, ana oposa 80 anafa atamwa mankhwala amadzi oziziritsa thupi. Ku Nigeria, mu 2008 ndi 2009, mankhwala a ana omera mano otchedwa My Pikin anapha ana oposa 80. Mu 2022, dziko la Gambia linaika m'manda ana pafupifupi 70 amene anamwa mankhwala a chifuwa ndi chimfine ochokera ku India. Pofika Januwale 2023, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti ku Gambia, Indonesia ndi Uzbekistan kwafa anthu oposa 300, ambiri ana osakwana zaka zisanu. Amayi awo sanalakwe kanthu. Anachita zimene mayi aliyense amachita mwana akatentha thupi usiku.

Nkhani imene ndikufuna muisunge bwino ndi ya ku Panama mu 2006. Migolo inanyamuka ku China, inadzera ku Spain, n'kukafika ku Panama italembedwa kuti muli glycerine woyenera kupangira mankhwala, chikhalirecho munali diethylene glycol. Inadutsa m'manja mwa amalonda angapo. Aliyense ankangolandira chikalata, n'kulembanso chake, dzina la amene anapanga mankhwalawo n'kusowa m'njira. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegula mgolo n'kuyesa zimene zinali m'katimo. Boma lenilenilo, mosadziwa, linasakaniza madziwo m'mankhwala a chifuwa n'kugawira odwala, ndipo anthu oposa 100 anapita. Gwero lake linali dyera, chifukwa diethylene glycol ndi wotchipa kuposa glycerine weniweni. Koma dyera la munthu mmodzi silikadafika pakamwa pa wodwala pakadapezeka wina panjirapo wodekha mtima, woti aime kaye n'kufunsa kuti, "Kodi zalembedwazi ndi zimene zilimodi?" Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wina anena kuti zimenezo n'zakutali. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mankhwala ambiri amene timamwa kuno amachokera kunja, ndipo khalidwe lochotsa dzina pa chinthu ifenso tili nalo, kungoti timalichita pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku.

Ndiyambe ndi inu ana anga amakaniko, poti manja anu ndiwo amagwira zinthuzi. Mafuta a mabuleki mukagula oyeza, kapena akatsala mutamaliza ntchito, mumawathira m'botolo la madzi akumwa kapena la chakumwa chozizira, n'kuliika pansi pa benchi. Inu mukudziwa zimene zilimo. Nanga mwana wa mayi wogulitsa mandasi pafupi ndi galaja yanu akudziwa? Nanga mnyamata amene wabwera dzulo kudzaphunzira ntchito, wopsa ndi ludzu la mu Okutobala? Siyani mankhwala m'chigubu chake chimene anabweramo, chotsekedwa bwino, dzina likuoneka. Ngati simungachitire mwina koma kuwathira kwina, lembanipo ndi zilembo zazikulu, ndipo lisakhale botolo la chakumwa. Musakoke mafuta kapena madzi a mtundu a mu rediyeta ndi pakamwa kudzera m'paipi, pakuti m'madzi amenewo mumakhala ethylene glycol, mbale wake wa mankhwala tikunenawa, wotsekemeranso, wowononganso impso. Valani magolovesi, sambani m'manja ndi sopo musanagwire nsima, ndipo akakudontherani m'maso tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali. Ndikudziwa kuti wokhalitsa pantchito amati, "Zaka zonsezi ndakhala ndikutero, sindinafe." Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ndipo ophunzira anu satengera zimene mumanena, amatengera zimene manja anu amachita.

Palinso chizolowezi chimene chimandiwawa mtima kwambiri, chopaka mafuta a mabuleki pa zipere, pa bala kapena pa dzino lobooka. Lekani, chonde. Khungu likang'ambika, mankhwala amalowa mosavuta. Ku Spain, mu 1985, odwala amene anapsa ndi moto anamwalira chifukwa mafuta amene ankawapaka pa zilonda anali ndi diethylene glycol. Sanamwe ngakhale dontho.

Inu amayi ndi abambo ogula migolo ndi zigubu zakale pamsika kuti muzisungiramo madzi, thobwa kapena mafuta ophikira, funsani kuti munali chiyani. Wogulitsa akati sakudziwa, kapena mukaona kuti pepala lafufutidwa, musaikemo chinthu cholowa m'kamwa. Mphuno siingakuuzeni zoona pa mankhwala osanunkha. Ndipo inu ogulitsa, musamatule pepala pa mgolo pofuna kuti uoneke watsopano. Pepala limenelo ndilo pakamwa pa mgolowo, mukalichotsa mwautseka pakamwa kuti usachenjeze munthu. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

Mankhwala a ana nawonso tigule kuchipatala kapena kusitolo ya mankhwala yovomerezeka, osati pa mphasa pamsika kapena m'basi. Kuno ku Malawi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndilo limapereka ziphaso ndi kulengeza mankhwala akapezeka ndi vuto. Likalengeza pa wailesi, tisamati n'zaboma. Tikayang'ane botolo lili pawindo lija.

Tsono tsoka likagwa, dziwani kayendedwe kake, chifukwa ndi konyenga. Poyamba munthu amachita nseru, kusanza, kupweteka m'mimba, mwina kutsegula, ndipo ena amaoneka ngati aledzera. Kenaka pamakhala ngati papepuka, apabanja n'kumati zadutsa. Patapita tsiku limodzi, awiri kapena atatu, mkodzo umayamba kuchepa mpaka kusiyiratu. Impso zikawonongeka chonchi, pamapeto pake ena nkhope imafa mbali, manja ndi miyendo n'kulefuka. Mayi amene waona kuti thewera la mwana wodwala lakhala louma kuyambira m'mawa mpaka madzulo asadikire kuti kuche. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Musamusanzitse dala wodwalayo, ndipo musataye nthawi ndi mkaka, makala kapena zitsamba. Madokotala ali ndi njira zoletsera chiwindi kusandutsa mankhwalawo asidi, koma zimathandiza munthu akafika msanga, impso zisanawonongeke. Zikawonongeka pamafunika makina otsuka magazi, amene kuno ndi ochepa ndipo amapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. Ponyamuka tengani botolo kapena chigubu chimene wamweramo, ndi zotsalamo zomwe. Mukafika, auzeni adokotala zonse mosabisa: chimene wamwa, nthawi imene wamwa, kuchuluka kwake, ndi kumene munachigula, kuti ngati pali ana ena amene amwako akafunidwe tsiku lomwelo.