"Maths siyanga": mau amene agwetsa mwana asanaone pepala

Mau awa mumawamva mu minibasi, pa tuition ku Kanyama, ngakhale pa nyumba panu pomwe: "Ine Maths siyanga." Ndipo makolo ambili amangovomela, ati "watengela ine." Manje mwamuthandiza ciani?

Mwana amene anaziuza kale kuti ni mbuli, akaona funso lovuta salimbana nalo. Amasiya malo opanda kanthu na kuyamba kuyang'ana wochi. Koma mu Maths ya Grade 12, ba ECZ amapatsa mamaki na pa working, osati pa ansa cabe. Wolemba mizele itatu n'kusokela kumapeto angatole kenakake. Wosalemba amatola zilo. Nthawi zina pakati pa 6 na 7 pamakhala tumamaki toteleto, ndipo 6 ni credit, 7 ayi. Ku UNZA afuna ma credit asanu.

Sinikamba zoimilila pa galasi m'mawa kukuwa kuti "ndine winner." Izo tisiyile ba motivational speaker a pa Facebook. Mutu suvomela bodza. Ngati unapeza 28 pa mock, umaziba.

Cimene cigwila nchito ni mau ang'ono, oona. Carol Dweck wa ku Stanford, amene analemba buku la Mindset mu 2006, amalimbikitsa kamau kamodzi ka Cizungu, "yet". Kwathu tingati: "Ma vectors nikalibe kuwamvetsa." Uyo amene akalibe, mailo amatsegula past paper. Uyo amene "siyake" amatsegula TikTok.

Ethan Kross wa ku University of Michigan naye anapeza kuti munthu akazikambitsa na dzina lake, monga alangiza mnzake, mantha amacepa. Yesa mu exam: chula dzina lako camumtima, uziuze kuti, "Iwe, puma. Welenga funso kawili. Yamba na camene uziba." Cioneka ca masewela, koma ni caulele.

Mau okha sapasitsa, ico tisanamizane. Kukhala ana 80 mu kilasi imodzi na malaiti opita usiku ni mavuto eni-eni. Koma ngakhale na kandulo, mafunso asanu pa tsiku atheka, ndipo amene anagwa angalembenso GCE, monga acitila anthu ambili osewenza.

Imwe makolo, mwana akabwela na report madzulo ano, musayambe na "cipuba". Mufunseni topic imene yamuvuta, ailembe pa pepala, mumate pa citseko.