Chikomekome cha mkuyu m'nkhalango ya Congo

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwu umandifikira ndikamaona zithunzi za nkhalango ya Congo zojambulidwa kuchokera m'ndege. Kubiriwira kokhakokha, kuyambira ku Cameroon, kudzera ku Gabon, mpaka kum'mawa kwa DRC, ndipo munthu amangoti zinthu zili bwino. Koma ku Lopé, m'dziko la Gabon, kuli anthu amene adaing'amba nkhuyuyo kuti aone m'kati mwake.

Kuyambira 1986, ofufuza kumeneko akhala akuyendera mitengo yomweyomweyo mwezi ndi mwezi, kuyang'ana kunsonga, kulemba ngati yachita maluwa kapena yabereka. Mu 2020, Emma Bush ndi anzake a ku University of Stirling adaulula zimene zidapezeka: pofika 2018, zipatso zidachepa ndi 81 peresenti. Mu 1987 njovu inkapeza zipatso zakupsa pamtengo umodzi mwa mitengo 10. Pofika 2018 inkayenera kufufuza mitengo yoposa 50. Zithunzi za njovuzo zidaonetsa kuti zikuwonda. Palibe nkhwangwa imene idagwira mitengoyi. Ina mwa iyo imadikira usiku wozizira wa m'chilimwe kuti ichite maluwa, ndipo usiku wotere ukusowa chifukwa Lopé watentha ndi pafupifupi digiri imodzi.

Alipo amene amati tisade nkhawa, nkhalangoyi idaona zambiri. Akunena zoona, koma zoona zake n'zatheka. Mungu wokwiririka m'matope a pansi pa nyanja ya Barombi Mbo ku Cameroon ukusonyeza kuti zaka pafupifupi 2,500 zapitazo nkhalango idang'ambikang'ambika, udzu n'kulowerera. Pambuyo pake idabwereradi. Koma idabwerera mwapang'onopang'ono, mibadwomibadwo, ili ndi malo otambasukira ndiponso nyama zonyamula mbewu. Njovu imameza chipatso pano, n'kukasiya nthanga m'ndowe makilomita angapo kutsogolo, manyowa ake ali pomwepo. Koma njovu za m'nkhalangozi zidachepa ndi 62 peresenti pakati pa 2002 ndi 2011 chifukwa cha ozipha pofuna minyanga, ndipo zotsalazo zikugona ndi njala. Adzabzalenso nkhalangoyo ndani?

Chimene chimandisowetsa tulo kwambiri chili pansi pa madzi. Mu 2017, Greta Dargie ndi Simon Lewis adaonetsa kuti m'dambo la Cuvette Centrale, pakati pa maiko awiri a Congo, muli dothi lakuda la masamba ndi mitengo zimene sizidaole n'kutheratu chifukwa chomira m'madzi. Dera lake n'lalikulu kuposa Malawi yense, ndipo likusunga matani pafupifupi 30 biliyoni a kaboni. Bola likhale lonyowa. Kafukufuku wa mu 2022 adapeza kuti pamene mvula idachepa, pakati pa zaka 5,000 ndi 2,000 zapitazo, dothili lidayamba kuola n'kutulutsa mpweya wa kaboni umene lidasunga. Chaka chomwecho cha 2022, boma la DRC lidaika pamsika malo okumbapo mafuta, ena mwa iwo okhudza dambo lomweli. Sindikufuna kuloza chala dziko la anthu osauka pamene utsi wotenthetsa dziko lapansi ukufuka kwambiri kumaiko olemera. Amene akufuna kuti dambolo lisakhudzidwe alipire mtengo wake weniweni, osati malonjezo a pamisonkhano.

Linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Ife a kuno sitingati za ku Congo n'zakutali. Mvetserani pawailesi nyengo ya dzinja, a zanyengo akamalosera mvula: kawirikawiri amatchula mphepo yochokera ku Congo. Mitengo ya kumeneko imamwa madzi ndi mizu, n'kuwapumira m'mwamba kudzera m'masamba, ndipo china mwa chinyezi chimenecho n'chimene chimadzagwa ngati mvula pamunda wa chimanga ku Kasungu kapena ku Chipata.